Chingwe Chinatsala kwa Wogulitsa

Lachiwiri m'mamawa ku Booysens,
chisanu cha Julayi chikuluma zala,
Mayi Dineo anakwawitsa galimoto yawo mpaka pageti panga,
yunifolomu ya unesi ikadali m'thupi,
maso ali psuu ndi ntchito ya usiku ku Bara.
Anati: Malizani, kanyali kachikasu aka kayaka dzana,
ndipo galimoto ikuyenda ngati ikuperekeza maliro.

Ine injini ndimaimva
monga mayi amamvera chifuwa cha khanda pakati pa usiku.
Ndinaphunzira pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande,
a Kachepa akundigogoda ndi sipanala ndikaphonya.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri muno m'Joni,
mateksi a ku Noord ndawadzutsa ali m'manda,
giyabokosi ndimamasula ngati mtolo wa nkhuni.
Iyinso sinandivute.
Khoswe, kaya wa ku Diepkloof kaya wa pachipatala pomwepo,
anatafuna kawaya kuseri kwa batire.
Ndinalumikiza, ndinawotcherera, ndinakulunga tepi.
Tiyi wa mayiwo anali asanazizire n'komwe.

Koma kanyali kali ngwee.

Galimoto yachira, koma siikudziwa kuti yachira.
Ikudikira wina wa malaya oyera
adzainong'oneze mawu achinsinsi.

Ndinatenga kompyuta yanga, ija ya ngongole ya ku Fordsburg.
Inawerenga, inalingalira,
kenako inandiyankha mwaulemu wonse:
khomo ili n'lokhoma, kaonaneni ndi eni ake.

Eni ake ndani?
Mayiwa alipira zaka zisanu osaphonya mwezi,
banki inabweza mapepala, chidindo chili apo.
Mbuzi anaguladi,
koma chingwe chinatsala m'manja mwa wogulitsa,
ndipo akafuna, amangokoka.

Ndinaimba foni ku Sandton.
Mawu osalala anati lembani fomu, tumizani satifiketi,
lipirani kaye, dikirani masabata awiri,
kenako kanyimbo, kanyimbo, kanyimbo,
mpaka mayunitsi anga anatha.
Amati zinthu zinasintha,
amati masiku ano tonse ndife ololedwa.
Mwina n'zoona. Chitseko anatsegula,
makwerero ndiwo anaiwala kuika.

Mayi Dineo anawerenga pazala:
fizi ya mwana, lendi, mankhwala a mayi awo ku Polokwane.
Kumeneko, anatero, kungoiyang'ana kokha
ndi malipiro anga a mausiku anayi.
Khofi yekha ndiye waulere.
Anaseka, kuseka kwa munthu amene watopa ndi kukwiya.
Ine ndinasankha inu, Malizani.
Mwamuna ndinasankha ndekha, tchalitchi ndinasankha ndekha,
wogwira galimoto yanga andisankhire wina?

Masana chigalimoto chokoka chinabwera.
Tinaikweza, yamoyo, yopanda chilema,
inadutsa m'munsi mwa milu yachikasu ya m'migodi yakale
kupita kumpoto, kumene pansi pa galaja amakolopa ndi zonunkhira.
Mawa adzadina batani limodzi,
ndipo pa lisiti sipadzalembedwa za khoswe
kapena za zala zanga.

Ndalama ndinakana.
Anasiya magwinya atatu pa benchi, m'pepala lonyowa ndi mafuta.

Madzulo Thabang, mnyamata amene ndikumuphunzitsa,
akupukuta masipanala n'kuwaika m'bokosi motsata msinkhu,
anandifunsa osandiyang'ana:
Madala, nanga ine ndiphunzire chiyani,
manja kapena pasiwedi?

Ndinatsuka m'manja ndi utuchi ndi sopo waufa.
Oyilo wa m'zikhadabo sachoka, ndinasiya kale kulimbana naye.
Kunja mateksi anali kuimba mahutala, akuthamangira ku Soweto,
theka la iwo akuyendera mtima umene ndinaikamo ine.
Ndinamupatsa gwinya limodzi.
Ndinati: mawa ubwere msanga,
tikalembe fomu ija.
Ubwere ndi cholembera chako,
changa chimakana kulemba kukazizira.